Agalu a m'miyala

Agalu anga anakulira m'miyala,
kumtunda kwa Likhubula kumene madzi amazizira mpaka m'mano.
Alipo awiri: Tiwonenji, wamkazi, wa khutu long'ambika,
ndi mwana wake Zagwa, wamiyendo yaifupi ngati kampando.
Ntchito yawo inali kafumbwe,
kanyama kofiirira kosadziwa ulendo.
Ukakadzutsa kamalumpha kasanu,
kalowa m'phanga, basi.
Agalu n'kukhala pakhomo kumauwa,
ine n'kubwera ndi ndodo yamphanda ndi utsi.

Chaka chino a zankhalango akhoma chikwangwani,
ndipo Namulekhwa wagulitsa mbuzi
kulipira msampha umodzi wokha.
Choncho mu Ogasiti, nandolo atauma,
ndinatsika nawo ku chigwa cha Thuchila
kwa mlamu wanga Mukhova,
kumene diso limatopa lisanapeze mwala.

Mlamu anawazungulira kawiri, naseka.
"Alamu, awa ndi agalu kapena mitondo?
Kalulu wakuno amafuna galu wamiyendo ya njinga."
Ndinameza mate.

Fungo analitola ndi Tiwonenji,
m'mizere ya chinangwa mame asanaume.
Chinadzambatuka chinthu chotuwa, makutu ali njo,
sichinafune dzenje, sichinafune chitsamba,
chinangowongoka ngati chili ndi kalata ya maliro.
Zagwa anathamangira chulu choyamba
n'kuyamba kuuwa una wopanda kanthu.
Sindingamunene. Ndinamuphunzitsa ndine.
Mayi wake anapitirira.

Ndinamumva akudutsa pamjigo.
Ndinamumva kuseri kwa tchalitchi cha malata,
kenaka kutsidya kwa msewu,
mawu atachepa ngati udzudzu m'chipinda china.
Kenaka zii.
Chigayo chokha, ndi belu la kabaza.

Zaka zisanu ndi ziwiri
sindinakhalepo m'tchire osamva galu ameneyu.
Ndinaganiza za misampha ya waya,
za malole a mchenga osadziwa buleki,
za anyamata a malegeni.
Ndinanyamula phazi kuti ndilondole.

"Imani pomwepo," anatero Mukhova,
akupichira fodya m'pepala la kope ya mwana wake.
"Pamene wadzukira ndi pamene abwerere.
Ngakhale wothamanga ali ndi kwawo."

Tinaima. Fodya anapsa mpaka kuzala.
Mthunzi wanga unafupika.
Phiri linali kumbuyo kwathu, labuluu, lachilendo,
ngati sindinabadwire m'mphepete mwake.

Ndiye mawu aja anabwera,
osati kumene anapita, koma kumanzere,
osasa, odukaduka, koma ake.
Ndipo patsogolo pake, patali ndithu,
kalulu uja, osafulumira n'komwe.
Anaima mapazi khumi kuchokera pa ine,
nakhala tsonga, nthiti zikugunda,
khutu limodzi litatembenukira kwa galu.
Iyenso ankamvetsera mawu omwewo.

Chibonga chinali m'dzanja langa.
Mlamu anandigunda ndi chigongono.
Ndinaponya mochedwa, ndikuvomera,
chinakagwera mu nandolo wa eni ake.

Tiwonenji anafika mphuno ili pansi,
mapazi atang'ambika ndi ziputu za lupsa,
lilime lodzaza phulusa.
Sanandiyang'ane. Anafuna kupitirira.
Ndinamugwira pakhosi, ndinamunyamula paphewa
ngati mbuzi yopita kumsika wa Chitakale,
Zagwa akutsata, akunyada ndi una wake.

Madzulo tinadya chigwada.
Mlongo wanga sanafunse kanthu.

Tabwerera kumtunda tsopano, mapazi apola.
Koma usiku akagona pafupi ndi khola
miyendo yake imapalasa fumbi,
ndipo amalira pang'onopang'ono m'tulo.
M'mawa ndimamupeza atakhala pamwala wa pabwalo,
msana atalozetsa kuphiri,
mphuno kuchigwa.
Ndikamuitana amagwedeza mchira kamodzi,
osatembenuka.